Hatchi Ikamatsimphina Popanda Bala, Yambirani ku Chiboda

Hatchi ikayamba kutsimphina koma palibe bala kapena chotupa, ambiri amathamangira kuipatsa phenylbutazone, uja timangoti bute. Ine ndimatsutsana nazo zimenezi. Mankhwalawa amabisa ululu, ndipo dokotala wa ziweto akafika amapeza hatchi ikuyenda bwinobwino pamene vuto likadalipo. Mudziwe kaye mwendo wake, kenako malo enieni pa mwendowo.

Ichotseni chishalo. Wina aigwire ndi chingwe chosakunga, athamange nayo pang'onopang'ono, kuja amati trot, molunjika pamalo olimba ndi osalala. Inu muyang'ane mutu. Mwendo wakutsogolo wopwetekawo ukamaponda pansi, mutu umadzuka. Wabwinowo ukaponda, mutu umatsika. Anthu ambiri amasokoneza apa n'kumasisita mwendo wosalakwa. Ku miyendo yakumbuyo muyang'ane chiuno: mbali yodwala imakwera ndi kutsika kuposa inzake. Ngati sizikuoneka, izungulitseni pa chingwe chachitali mbali zonse ziwiri, polimba komanso pamchenga. Pali hatchi zina zimene zimatsimphina pokhapokha munthu akakwera, ndipo pamenepo muunike chishalo ndi msana.

Mukaupeza mwendo, yambirani pansi. Miyendo yakutsogolo imasenza pafupifupi magawo 60 pa 100 a thupi, ndipo mavuto ake ambiri amakhala m'chiboda. Chigwireni ndi dzanja, muyerekeze kutentha kwake ndi cha mwendo winawo. Kuseri kwa mfundo ya fetlock, ija yotukuka ili chapamwamba pa chiboda, kumadutsa mtsempha wa magazi umene sumveka kwenikweni hatchi ikakhala bwino. Ukamagunda mwamphamvu, m'chiboda muli kutupa. Tsukani kuphazi kwake, mufufuze msomali, kamwala kapena kadontho kakuda, kenako mupane malo amodziamodzi ndi chopanira ziboda. Pamene hatchi yadzidzimuka n'kukoka mwendo, pamenepo ndi poyambira.

Nthawi zambiri amakhala mafinya otsekeredwa mkati. Chiboda sichitambasuka, n'chifukwa chake ululu wake umakula mpaka hatchi kukana kuponda, ngati yathyoka. Wodziwa ntchito aboole kabowo kakang'ono kuti mafinya atuluke. Muziviika phazilo m'madzi ofunda a mchere wa Epsom kwa mphindi 15 mpaka 20, kulimanga kuti pasalowe ndowe, ndipo muonetsetse kuti katemera wa kafumbata ndi wa posachedwa. Mukapeza msomali utalowa chapakati pa phazi, ndipo dokotala angafike msanga, musauzule. X-ray imafunika kuonetsa kumene walowera, poti mkatimo muli mfundo ndi mtsempha zimene zikalowa tizilombo hatchi imatha kulumala mpaka kalekale.

Chiboda chikakhala kuti chilibe kanthu, unikani chapamwamba pa mwendowo. Tsitsani zala pa mitsempha yolimba ya kuseri kwa mwendo, mumve ngati pali pofufuma kapena potentha. Dokotala amapinda mfundo kwa masekondi 30 mpaka 60 n'kuithamangitsa nthawi yomweyo. Njirayi imathandiza, koma osaikhulupirira payokha, chifukwa hatchi zina zabwinobwino zimatsimphinanso masitepe angapo oyamba.

Chimene chimaloza malo enieni ndi kubaya mankhwala ochititsa dzanzi, monga mepivacaine, pa minyewa yomvera ululu. Dokotala amayambira ku chidendene, kudikira mphindi 5 mpaka 10, n'kuithamangitsanso. Ikapitiriza kutsimphina, amabaya chapamwamba pang'ono. Pamene kutsimphina kwathera ndi pamene pajambulidwe: X-ray ya mafupa, ultrasound ya mitsempha. Kujambula mwendo wonse musanatero n'kutaya ndalama, ndipo mudzaona zipsera zakale zimene sizikupweteka n'komwe. Koma ngati mukukayikira kuti fupa lang'aluka, musabaye dzanzi ndipo musaithamangitse, chifukwa ikasiya kumva ululu iponda mwamphamvu n'kulithyoleratu.

Mtsempha wolimba uja ukang'ambika umafuna madzi ozizira kwa mphindi 20 kawiri pa tsiku, kupuma m'khola, kenako kuyendetsedwa pamanja pang'onopang'ono kwa miyezi. Kutsimphina kumatha msanga mtsempha usanalimbe, ndipo okwera ambiri amaung'ambanso pobwerera msanga pa chishalo.

Hatchi ikaima motambalitsa miyendo yakutsogolo, thupi litatsamira kumbuyo, ziboda zonse ziwiri zikutentha, ganizani za laminitis, matenda otupitsa minofu yolumikiza chiboda ndi fupa lamkati. Ichotseni pa msipu wobiriwira, isiyitseni chakudya cha mbewu, iimikeni pofewa, ikani mapazi m'madzi oundana, ndipo dokotala abwere tsiku lomwelo.