Mkute Pansi pa Tayala

Popeza kavidiyo kaja kazungulira kale magulu onse a WhatsApp, mpaka kafika kwa azakhali anga ku Dwangwa amene ndinkaganiza kuti foni yawo ndi yongoimbira basi, ndiloleni ndidzinenere ndekha musanandiweruze. Inde, munthu wagwada m'madzi atagwira mthiko uja ndine. Inde, zoyera zili kumaso kwakezo ndi nsima. Koma alamu anayamba kujambula nkhani ili kumapeto, ndipo masekondi 47 sangaimire moyo wonse wa munthu.

Mlandu woyamba ndi wa mvula. Chichokereni ku Dublin Lachinayi, ine, amayi a Tadala ndi achimwene awo, sitinaume ngakhale ola limodzi. Tinabwereka camper, galimoto imene ili ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi mkati momwemo, yoti ukatembenuka usiku chigongono chako chimakapezeka m'khutu mwa mlamu wako. Cholinga chinali kulawako Wild Atlantic Way, msewu wa makilomita pafupifupi 2,500 wotsata gombe lakumadzulo kwa Ireland kuchokera ku Donegal mpaka ku Kinsale, umene anayamba kuitanirako alendo mu 2014. Pa zithunzi zawo dzuwa limakhala lili phwee. Sindikudziwa kuti anajambula chaka chanji.

Mvula ya kumeneko si ya mabingu ngati yathu, yogwa ndi mphamvu kenako n'kutsanzika. Ndi chiperoni cha ku Thyolo chimene chalandira malipiro. Imabwera chammbali, imalowera m'khosi, imatulukira m'sokosi. Eni dziko amaitcha "soft day", ati tsiku lofewa. Ku Cliffs of Moher tinayenda wapansi m'mphepete mwa phompho lotalika mamita 214, anthu amachokera ku America kudzaona, ife tinaona chifunga chokhachokha. Chithunzi chimene tinajambula chikuonetsa anthu atatu ataima kutsogolo kwa chinthu choyera ngati khoma la chipatala. Tikanatha kujambulira kubafa kwathu osawononga dizilo.

Matama anga anayambira pa pantoni yowolotsa mtsinje wa Shannon kuchokera ku Killimer kupita ku Tarbert. Ulendo wa mphindi 20 zokha, koma alamu, mwana wa ku Dowa amene madzi aakulu amene anakula akuwadziwa ndi a m'diramu, anagwira chitsulo ndi manja onse awiri maso ali psii. Ine ndinawaseka. Ndinati, "Alamu, takhazikani mtima pansi, muli ndi mwana wa ku Nkhotakota. Ine ndakwera Ilala mwera uli pachimake, ndikudya chinangwa. Madzi ndimawadziwa ngati m'thumba mwa buluku langa." Mawu amenewa ndinawabwereza katatu. Amayi a Tadala akuti kasanu.

Ndipo musanene kuti sindiwerenga zikwangwani. Titafika ku Dingle Peninsula foni inkatilozera ku Conor Pass, kanjira kokwera phiri kopapatiza ngati mzere wa pakati pa mizere ya chimanga. Chikwangwani chinati galimoto yoposa matani 2 isadutse, yathu inali yoposa 3, ine ndinatembenuka mwaulemu n'kuzungulira. Zimenezo alamu sanajambule.

Tinafika ku Inch cha m'ma 1 koloko masana. Ndi mchenga wautali pafupifupi makilomita 5 wolowa m'nyanja ngati chala, wosalala ngati bwalo la ndege, ndipo magalimoto amatsikira pamchenga pomwepo. Panali magalimoto ena khumi ndi angapo, onse ataunjikana kumtunda pafupi ndi polowera. Nyanja inali kutali zedi, kamzere koyera chabe. Ine ndinati tisathithikane ndi anthu, tikufuna kuphika nsima ndi usipa, fungo lingatiitanire apolisi. Ndinaponda mafuta n'kukaima kwatokha, kutsogolo, pamalo pabwino.

"Bambo a Tadala, nanga anzathu onse aimiranji kumtunda kuja?"

"Amaopa madzi. Sanakulire kunyanja."

"Nanga mchengawu bwanji wanyowa chonchi?"

"Amayi, tayang'anani kumwamba. Chouma n'chiyani m'dziko muno?"

Ndikupemphani muvomereze kuti yankho limeneli linali lanzeru. Mvula inali itagwa masiku atatu. Chilichonse chinali chonyowa, nkhosa zomwe. Kumtunda kwathu kunali mzere wautali wa zomera za m'nyanja zakuda, zitandandalika bwinobwino ngati wina wachita kuyeza ndi chingwe. Ndinauona mzerewo. Ndinati akhonsolo akuno asesa zinyalala koma aiwala kuwola. Kuti mkazi wanga akhale ndi mtendere, ndinatenga ambulera yathu, imene mphepo inali itaipinda kale ku Clare, dera limene kuli Cliffs of Moher, ndinayenda masitepe 100 kulowera kunyanja n'kuizika mumchenga. Ndinati, "Madzi akadzadutsa ambulera iyi, mudzanditche dzina lina."

Dzinalo anditcha. Sindilemba pano.

Tinaphika, tinadya, panatsala mitanda itatu. Kenako ine ndemwe ndinati tiyeni tikawongole miyendo, tikafike kumapeto kwa mchengawu. Tinavala majekete athu a pulasitiki tikuoneka ngati matumba a feteleza oyenda okha. Kupita mphepo inali kumbuyo, ikutikankha ngati ngongole. Pobwerera inali kumaso, mvula ikumenya ngati wina akukuponyera mpunga wosaphika. Ulendo umene ndinati wa ola limodzi unatha maola atatu ndi theka.

Apa mpamene ndiyenera kudziteteza pang'ono. Nyanja yathu ya Malawi ndi yaulemu. Msodzi amakokera bwato pamchenga madzulo, m'mawa amalipeza pomwepo. Ikafuna kukwera imayamba yachenjeza, imatenga miyezi, monga inachitira mu 2024 pamene inalowa m'malo ogona alendo ku Mangochi anthu akuiona tsiku ndi tsiku. Atlantic alibe khalidwe limenelo. Mwezi umakoka madzi, ndiye nyanja imachoka kwa maola 6 n'kubwerera kwa maola ena 6, kawiri pa tsiku, chaka chonse, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena watsopano madzi amakwera mamita oposa 3. Pamchenga wosalala ngati wa ku Inch mamita atatu okwera ndi mtunda wautali woyenda. Zonsezi aphunzitsi athu a jogalafe anatiphunzitsa, chithunzi cha mwezi anajambula pabolodi. Koma ine ndinalowezera mayeso. Palibe anandiuza kuti tsiku lina mwezi udzalowerera nkhani za m'banja mwanga.

Woyamba kuona anali alamu. "Alamu, kodi gombeli silinali lalikulu kuposa apa?" Ndinati maso awo ali ndi mvula. Titayenda pang'ono amayi a Tadala anaima nji. Magalimoto ena onse anali atapita. Patali pankaoneka kanthu koyera kali kokhakokha, madzi akukanyambita mbali zitatu, ngati chilumba cha Likoma pa mapu. Ambulera inkangooneka chogwirira chokha.

Anthu inu, munathamangapo pamchenga wonyowa muli ndi nsima ya mitanda inayi m'mimba? Miyendo imayenda koma munthu suchoka pamalo. Ndinafika mtima ukugunda m'makutu, madzi ali m'akakolo, ozizira ngati achokera m'firiji ya mabotolo. Ndinalowa, ndinaliza injini, giya ya m'mbuyo, mafuta. Matayala akutsogolo anangolira, vuuu, n'kudzikumbira manda. Ndinapondanso. Camper inagwada ngati ngamila. Amayi a Tadala anati, "Pondaninso, bambo, mwina mufika ku Nkhotakota kudzera pansi."

Khasu munalibe. Mu camper yonse ija, yokhala ndi makapu a vinyo anayi ndi chotsegulira mabotolo, munalibe fosholo ngakhale imodzi. Ndinatenga mthiko, alamu anatenga chipande, tinagwada n'kuyamba kukumba. Ukachotsa mchenga wodzaza dzanja, funde limabweretsa wodzaza ndowa. Tinaika makapeti a m'galimoto kunsi kwa matayala, tayala linawalavula, nyanja inawalandira. Ndinapempha chitenje cha amayi a Tadala. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumadzi, osayankha.

Ndiyeno alamu, munthu wa digiri, amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Dublin, anati, "Alamu, mkute uja."

Ndinati, "Mwati chiyani?"

"Mkute. Ndi kuzizira kuno wauma gwa ngati njerwa. Tayala likhoza kuponda."

Ndikufuna mudziwe kuti ndinaganiza kaye. Sindinangothamanga. Ndinaima m'madzi ofika m'mawondo, mvula ikutsika m'mphuno, n'kuwerengera mumtima: ufa umenewu ndinagula ku Moore Street ku Dublin pa mtengo woti mayi anga atamva angakomoke, nsimayo ndinaphika ndine, ndipo amayi a Tadala akhala akunena kwa zaka 11 kuti nsima yanga ndi yomangira nyumba. Ndinati lero tione ngati ankanena zoona. Ndinatenga mitanda itatu ija m'mbale ndi manja awiri, mwaulemu ngati ndikupereka kwa apongozi. Ndinagwada. Ndinadikira funde libwerere. Ndinaika mtanda woyamba kumbuyo kwa tayala, wachiwiri pambuyo pake, wachitatu pamwamba pa iwiriyo, n'kutsendera ndi mthiko ngati mmisiri womanga maziko. Ndinasalaza ngakhale m'mbali. Mpaka lero sindikudziwa chimene ndinkasalazira.

Apo n'kuti mbalame za m'nyanja zija, zoyera, zamilomo yachikasu, zimene zimalanda tchipisi m'manja mwa ana, zitamva kale uthenga. Inatera imodzi. Inandiyang'ana ndi diso limodzi. Inajompha mtanda wapamwamba, n'kuima kaye ngati ikuganizira kuti ndiwo zili kuti. Kenako inaitana abale ake. Zinabwera ngati anthu a pamaliro amva kuti ng'ombe yaphedwa. Ine ndili chogwada, dzanja lamanzere likutchinga nsima, lamanja likugwedeza mthiko m'mwamba, ndikukalipira mbalame za ku Ireland m'Chichewa cha ku Nkhotakota, "Choka! Choka iwe! Si yako!" Ina inatera pamsana panga kuti ione bwino. Ndinakuwa, "Amayi a Tadala, pondani mafuta msanga zisanamalize!"

Anaponda. Mkazi wanga akakwiya saponda pang'ono.

Tayala linagwira mkute uja, n'kuupera pamodzi ndi mchenga ndi madzi amchere, n'kundipatsa wonse kumaso. Phwaa! M'maso, m'mphuno, m'kamwa mmene ndinali nditatsegula kukalipira mbalame. Camper sinasunthe ngakhale chala chimodzi. Mbalame zinasiya tayala n'kuyamba kuzungulira mutu wanga. Apa mpamene kavidiyo kanu kakuyambira. Mukamva munthu akuseka mpaka kutsokomola kumbuyoko, ndi yemwe uja anabweretsa nzeru ya mkute.

Amene anatipulumutsa ndi mdala wina wa thirakitala, amene anatsika pamchenga mosafulumira ngati akupita kukagula buledi. Anali atavala chipewa cha nsalu ndi juzi yokha, mvula yonse ija. Anayang'ana camper, anayang'ana nyanja, anayang'ana nkhope yanga nthawi yaitali. Sanafunse za nsima, ndipo pa chimenecho ndidzamulemekeza mpaka kufa. Anangofunsa kumene ndimachokera. Nditati Malawi, nkhope yake inawala, ati msuweni wake anali wansembe ku Mzuzu zaka zambiri, ankasimba za nyanja yaikulu yokongola. Ndiye akumanga tcheni anati, "Ndiye inu madzi mumawadziwa bwino." Amayi a Tadala anayankha ali pawindo kuti, "Ngati m'thumba mwa buluku lawo." Anachita kumasulira m'Chingerezi kuti mdalayo amve.

Thirakitala inakoka kamodzi kokha, camper inatuluka ngati dzino logwedera. Mdalayo anatilozera mzere wa zomera zakuda uja, ati pamenepo mpamene madzi anafika m'mawa, ndipo mpamene afikenso. Ndinagwedeza mutu ngati ndinkadziwa kale. Ndinamupatsa 50 euro yonyowa, anakana kawiri, kachitatu anaika m'chipewa.

Za eni camper sindinena zambiri. Pa tsamba lachisanu ndi chiwiri la pepala limene ndinasaina panalembedwa kuti galimotoyo isayende pamchenga wa kunyanja, m'timalemba toti ngakhale nyerere ingafune magalasi. Ndalama ya chikole sinabwerere. Makapeti ndinalipira padera. Mnyamata wolandira makiyi anafunsa kuti zoyera zouma m'kati mwa mudguard n'chiyani, ndinati simenti.

Amene mukufunsa ngati mbalame ija inandijompha khutu, ayi, inangoyesa. Amene mwaika nyimbo pa kavidiyoko, ndakudziwani. Ndipo mthiko uja unathyoka, wa kuno ndi wopyapyala ngati supuni ya tiyi, ndiye ngati pali wina akubwera kuchokera kumudzi mwezi uno andiuze ku inbox.