Lachinayi la m'Okutobala: mazira adzaza thireyi, dzuwa likuswa mtengo

Kwatentha kuyambira m'mamawa, ndipo mathadzi a Mikolongwe sakupuma kuikira. Mathadzi asanu ndi limodzi odya bwino amapereka mazira atatu kapena anayi patsiku, moti pakatha sabata thireyi ya mazira 30 imakhala itatsala pang'ono kudzaza. Ntchito ya lero inali yosankha mazira, chifukwa m'nyengo ino dzira losiyidwa pa lichero m'khitchini silichedwa kusukusa.

Tayamba ndi beseni la madzi ozizira, koma ndi mazira akale okha amene tsiku lake silikudziwika. Dzira logona chafufumimba pansi ndi latsopano. Loimirira, mbali yaikulu itayang'ana kumwamba, lakalamba ndipo lidyedwe lero lomwe. Loyandama n'lotaya. Chigoba chili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi a m'kati amauma pang'onopang'ono, mpweya n'kumadzaza kathumba ka kumbali yaikuluyo mpaka dzira kupepuka. Dzira lililonse lolowa m'beseni liphikidwe tsiku lomwelo, lisabwererenso mu thireyi.

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa pofuna ukhondo. Dzira likamatuluka limakhala ndi kautoto kopyapyala kotseka timabowo tija. Mukalitsuka kautotoko kamachoka, ndipo madzi ozizira amakokera tizilombo ta pa chigoba m'kati. Dzira losunga lisakhudze madzi. Ngati lili ndi kachitosi kochepa, lipukuteni ndi nsalu youma. Lodetsedwa kwambiri kapena long'aluka lipite pamoto. Mankhwala enieni ndi udzu wouma m'chisa komanso kutola mazira kawiri patsiku, cha m'ma 10 koloko ndi masana.

Atsopano, a lero ndi dzulo, tawapaka mafuta ophikira. Dontho limodzi kapena awiri m'manja oyera, kulizunguliza dzira lonse mpaka linyezimire, basi. Mafuta amatseka timabowo, dzira silitaya madzi, ndipo pamalo ozizirirapo limatha milungu itatu kapena inayi lili bwino. Mafutawo akhale osakazingirapo, chifukwa dzira limatenga fungo. Musaliike pafupi ndi palafini, anyezi kapena usipa. Lembani tsiku ndi pensulo musanapake, kenako muike mbali yosongoka pansi kuti kathumba ka mpweya kakhale pamwamba.

Kopanda filiji, mphika wadothi umathandiza kwambiri. Ikani mphika waung'ono m'kati mwa waukulu, pakati pake mutsire mchenga, muunyowetse m'mawa ndi madzulo, pamwamba muphimbe nsalu yonyowa. Ukhale pamthunzi podutsa mphepo. Madzi akamauma amachotsa kutentha, koma m'kati mwa mphika wa mazirawo mukhale mouma.

Tambala naye lero wapatulidwa. Thadzi limaikira ngakhale popanda tambala, ndipo dzira lopanda mbewu limakhalitsa. Lokhala ndi mbewu, kutentha kwa ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kumene kumapitirira madigiri 40, kumaliyambitsa kukula, n'chifukwa chake ena amapeza timitsempha tamagazi poswa. Amene akufuna anapiye asankhe mazira osapitirira masiku 7, osatsuka ndi osapaka mafuta, apatse thadzi lofungatira mazira 10 kapena 12, adikire masiku 21.

Oimirira m'madzi aja tawawiritsa mphindi 10, ndipo ndi omwe amasendeka bwino. Latsopano limakanirira ku chigoba. Koma kuwiritsa si kusunga ayi. Dzira lowiritsa limawonongeka msanga kuposa laliwisi, choncho lidyedwe kapena ligulitsidwe tsiku lomwelo. Ena alowa m'chigumu ndi m'phala la ana: swerani dzira m'kapu kaye kuti mulione, mulimenye, mulithire phala likuwira, n'kutakasa mpaka lipse.

Amene ali ndi filiji yoziziritsa mpaka kuundana aswe mazira asanu, awamenye pang'ono, athiremo theka la supuni yaing'ono ya mchere kuti chikasu chisalimbe ngati utomoni, n'kuika m'kachidebe kotseka. Dzira lathunthu limaphulika likaundana. Magetsi akathima mpaka mazirawo asungunuke, aphikeni, musawaundanitsenso.

Zigoba sitinataye. Taziwamba pa chiwaya, tazisinja mu mtondo mpaka zikhale ngati misere, n'kusakaniza ndi madeya. Zimalimbitsa zigoba za mazira otsatira. Zikhale zosinjika ndithu, chifukwa nkhuku ikazindikira chigoba chathunthu imayamba kujompha mazira ake omwe, ndipo khalidwe limenelo n'lovuta kulisiyitsa.