Momwe ndinayezetsera vairasi chifuwa chitakakamira

Chifuwa ndi kutentha thupi zitandikakamira, kuchipatala anayamba n'kundiyeza malungo monga mwa nthawi zonse. Sanawapeze. Adokotala anati ndipite ku labotale, chifukwa COVID-19, fuluwenza ndi RSV (vairasi ina yoyambitsa chimfine ndi chifuwa) zimafanana kwambiri moti kumvetsera pachifuwa pokha sikungazisiyanitse.

Kumeneko anandiuza kuti ndimine kaye, kenako ndipendeketse mutu chagada pang'ono. Kamtengo kathonje kamene amakulowetsani m'mphuno sikalowa chokwera ayi. Kamatsata pansi pa mphuno mpaka kumbuyo kwenikweni, kumene mphuno imakumana ndi mmero, ndipo amakapotokola kali komweko. Misozi imangotuluka yokha. Limbani mtima, musamugwire dzanja woyezayo, chifukwa akangopukuta pakhomo pa mphuno amatenga mavairasi ochepa ndipo zotsatira zikhoza kunama.

Kamtengoko anakaviika m'timadzi, n'kudontheza timadzito pa kachipangizo kooneka ngati koyezera malungo. Kameneka kamafufuza mapuloteni a vairasi ya COVID-19, ndipo yankho limatuluka pa mphindi 15. Langa linati mulibe. Mayi wa mu labuyo sanakhutire. "Achimwene, aka kamaona bwino vairasi ikakhala yochuluka. Tipange PCR."

Anandilowetsanso kamtengo kena m'mphuno, n'kuthyolera kamtengoko m'kabotolo ka madzi osungira vairasi, n'kulembapo dzina langa. Kabotoloko kamayenera kukhala pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8, n'chifukwa chake kamayenda m'bokosi la ayezi. Onetsetsani kuti nambala yanu ya foni ailemba molondola.

PCR, njira yofufuza chibadwa cha vairasi pochichulukitsa m'makina, ndiye imandisangalatsa. Mavairasi atatu aja, a COVID-19, fuluwenza ndi RSV, amasunga chibadwa chawo m'chinthu chotchedwa RNA, choncho makina amayamba aisandutsa DNA, mtundu wina wosungira chibadwa womwe makinawo amatha kuchulukitsa. Kenako amatenthetsa n'kuziziritsa mobwerezabwereza, ndipo ulendo uliwonse kachidutswa ka DNA kamene akukafuna kamawirikiza kawiri, mpaka maulendo pafupifupi 40. Kakachuluka, mankhwala omwe asakanizamo amayamba kuwala, makinawo n'kuona. Kuwalako kukafulumira, ndiye kuti vairasi inali yambiri. Makina a GeneXpert, omwe timawadziwa poyeza makhololo a TB, anayamba kuyezanso COVID-19 m'chaka cha 2020, ndipo ntchito yonseyi amaimaliza pasanathe ola. Chimene chimachedwetsa yankho ndi mayendedwe komanso mzere wa timabotolo ta anthu ena.

Foni italira, anati apeza COVID-19. Ndinafunsa ngati ndigule amoxicillin, adokotala anakaniza kuti mankhwala amenewo amapha mabakiteriya, vairasi sayikhudza n'komwe. Anandilembera Panado, n'kundilangiza kumwa madzi ambiri, kuvala masiki, kugona chipinda changachanga, ndi kubwerera msanga ndikayamba kubanika.