Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Tsiku lomwe njinga inadikula nditadutsa pa Benga

Gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinabwerako ku Joni ndi chikwama chimodzi, mafoni awiri ndi njinga yamoto yomwe inadya theka la ndalama zomwe ndinavutikira zaka 6. Inali Honda VFR800 ya 2001, yofiira psuu, injini yake ya masilinda 4 oyalana ngati chilembo V, yolemera kupitirira makilogalamu 200. Ndinaigula kwa mzungu wina wokalamba ku Benoni yemwe bondo linali litayamba kumukana. Mu Salima monse munalibe inzake. Anyamata a kabaza pa Kamuzu Road anaipatsa dzina loti "ndege", ndipo ndisaname, dzinali linkanditsekemera kuposa mmene liyenera kutsekemerera bambo wa ana awiri.

Mu Julaye 2019 ndinapita kwathu ku Nkhotakota kukaona mayi. Inali nyengo ya mwera, nyanja itakwiya, asodzi atakokera mabwato kumtunda. Aliyense amene mayi ake ali moyo akudziwa kuti pakhomo pawo suchoka chimanjamanja. Ndowa ya mpunga wa kilombero, ufa wa kondowole woti adzukulu asaiwale kwawo, usipa wouma. Mpungawo ndinaukhuthulira m'bokosi la kumbuyo mpaka pakamwa, ufa ndinaumangirira pamwamba pake ndi malegeni. Pa Chia ndinaimanso n'kuwonjezera chambo. Ndinkadziona wochenjera, poti mpando wa kumbuyo unatsala mbee.

Ukadutsa pa Benga pali pena pomwe msewu wa M5 umawongoka. Kutsogolo kunalibe galimoto, mbuzi kapena mwana wasukulu. Ndinathira moto. Liwiro lake ndilinena, ngakhale likundichititsa manyazi ndipo silololedwa pamsewu uliwonse m'dziko muno: muvi unali pa 140. Poyamba ndinamva ngati kumbuyo kwakwera munthu amene akusunthasuntha pampando. Kenako njinga yonse inayamba kudikula, mutu uku chiuno uko, ngati njoka yowoloka phula lotentha. Kudikulako kumangokulirakulira. Msewu uja nthawi imeneyo unali wochepa, m'mbali mwake modyeka ngati chitumbuwa cholumidwa ndi ana.

Dzanja linathamangira pa buleki lokha, ndipo nditangokhudza zinthu zinafika poipa. Apo m'pamene ndinakumbukira mawu a mzungu uja tsiku londipatsa makiyi, oti njinga ikayamba kugwedezeka usalimbane nayo. Ndinasiya buleki, ndinagonera pathanki, ndinaipana ndi mawondo, manja ndinawafewetsa, moto n'kumabweza pang'onopang'ono. Muvi utatsikira cha ku 100, zii, ngati palibe chachitika. Ndinakaima patsinde pa mtengo wa mango, miyendo ili njenjenje. Mayi wina wogulitsa nzimbe anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa, "Achimwene, mwaona chiyani kumeneko?" Ndinagula nzimbe yomwe sindinadye.

Kunyumba nkhani inagawika pawiri. Mayi a ana anangoti, "Igulitseni tigule malata." Mayi anga pafoni anati, "Mwanawe, ndinakuuza ine. Chinthu chofiira chija si onse akukondwera nacho." Ine ndinali ndi wanga womunamizira: mwera. Koma patatha masiku atatu, kunja kuli bata, bokosi lili lopanda kanthu, ndikupita ku Senga Bay, ndinabweza moto pa 70 n'kumasula manja pang'ono kuti ndikonze golovesi. Mahandulo anayamba kupukusa mwachangu, gwedegwede, ngati mwana wokana mankhwala. Mphepo kunalibe.

Ndinapita kwa mnyamata wina wokonza njinga za kabaza. Anamvetsera theka la nkhani, anatenga hamala ndi tchizulo, n'kumanga nati ya pakhosi, pomwe mahandulo amatembenukira, mpaka thukuta kamukamu. Kupukusa kunachepa ndithu, koma tsopano njinga inauma khosi, pa liwiro lochepa imangosochera uku ndi uku ngati yaledzera. Sindimuda mnyamatayo, njinga zomwe amagwira tsiku ndi tsiku sizifika liwiro loti zionetse matenda amenewa. Mnzanga wa ku Joni naye anandilembera pa WhatsApp kuti ndigule steering damper, kachipangizo konga shoko kakang'ono komwe kamaletsa mahandulo kutembenuka mwadzidzidzi. Ndalama yake ndinali nditayamba kale kusonkhanitsa.

Amene anandiletsa ndi madala ena a cha ku Kaphatenga, omwe anagwira ntchito ya umakaniko zaka zambiri ku minda ya nzimbe ku Dwangwa. Galaja yawo ndi kachisakasa kuseri kwa nyumba. Theka la ola loyamba sanagwire sipanala. Ankangofunsa. Zinayamba pa liwiro lanji? Unanyamula chiyani, ndipo unachiika pati? Chinkagwedezeka n'chiyani, mahandulo okha kapena thupi lonse? Nditafotokoza za pa Benga ndi za ku Senga Bay, anaseka.

"Mwana wanga, wabwera ndi odwala awiri m'thupi limodzi. Kupukusa mutu ndi kwina, kudikula ndi kwina."

Anandiuza kuti kupukusa mutu kumakhala kwachangu, kangapo pa sekondi imodzi, ndipo kumakonda kubwera pa liwiro lapakatikati, makamaka ukabweza moto. Gwero lake nthawi zambiri ndi kutsogolo: tayala, mabering'i a pakhosi, rimu. Kudikula kumakhala kodekha koma kumatenga njinga yonse, kumabwera ukathamanga kwambiri, ndipo ukawonjezera moto nako kumawonjezera. Kumeneko umayang'ana kumbuyo: katundu, shoko, tayala.

"Nanga damper, madala?"

"Panado. Mutu usiya kupweteka, malungo ali momwemo."

Anatulutsa geji yawo yoyezera mpweya wa m'matayala, yosungidwa m'kansalu. Pa njinga imeneyi mpweya umayenera kukhala mapaundi 36 kutsogolo ndi 42 kumbuyo, matayala asanatenthe, ndipo manambalawa analembedwa pa kapepala komata pa njinga pomwepo, komwe ine ndinali ndisanakawerengepo. Geji inaonetsa 24 ndi 33. Chifikireni ku Malawi ndinkayeza mpweya ndi chala chachikulu, monga timachitira ndi njinga yakapalasa. Tayala la njinga yaikulu ndi lolimba m'mbali, ngakhale litaphwa chotere ukalitobwanya limaoneka bwinobwino.

Kenako anandigwira dzanja n'kuliyendetsa pa tayala la kutsogolo. Ndi maso linkaoneka la moyo, mizere ilipo. Koma chikhatho chinamva timapiri ndi tizigwa, ngati malata. Umu ndi mmene tayala limadyekera likayenda nthawi yaitali mpweya uli wochepa. La kumbuyo linali litaphwatalala pakati chifukwa cha misewu yowongoka, m'mbali muli ngodya. Anandionetsanso manambala anayi pambali pa mawu oti DOT: 2311. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Tayalalo linapangidwa sabata ya 23 mu 2011. Zaka 8! Mzungu uja ankayenda Lamlungu lokha, n'chifukwa chake mizere inatsala, koma labala linali litauma ngati chikopa cha ng'oma.

Chomwe sindidzaiwala ndi cha pakhosi. Anaimika njinga pa sitandi yapakati, mdzukulu wawo anakhala kumbuyo kuti tayala la kutsogolo linyamuke, ndipo anabweza nati ija mnyamata anamanga. Anati nditembenuze mahandulo pang'onopang'ono ndi zala ziwiri zokha. Kumanzere myaa, kumanja myaa, koma pofika pakati penipeni, kakaka, ngati pali kadzenje komwe akugweramo. Kadzenjeko kanalipodi. Timipira ta m'bering'i tinali titadinda tizibowo m'mbale yake, chifukwa njinga imakhala itawongoka nthawi zambiri ndipo dzenje lililonse la pamsewu limamenya malo amodzimodziwo. Njinga yamoto kuti iyende mowongoka imadziwongola yokha ndi timatembenuzidwe ting'onoting'ono tomwe wokwera sazindikira n'komwe. Khosi likamakodwa pakati, kudziwongolako kumachedwa, kenako kumapitirira muyezo. Kumanga nati kunangokanikizira timipirato m'maenje mwawo.

Zina anangodutsamo mwachangu. Anagwedeza matayala onse m'mbali, mabering'i ake anali bwino. Anazunguza rimu atayandikiza choko, sinapindike. Mafoloko, miyendo iwiri ija yogwira tayala la kutsogolo, sankadontha oyilo. Sipuling'i ya shoko ya kumbuyo anaipeza pofewetsetsa, mmene anaisiyira mwini wake wakale, munthu wowonda woyenda yekha.

Atatsegula bokosi anandilozera mawu a m'kati mwa chivundikiro: osapitirira makilogalamu 10. Ine ndinaikamo oposa 25, pamwamba, kuseri kwa tayala la kumbuyo. Katundu wokhala pamenepo amapepula kutsogolo, ndipo njinga ikangoyamba kugwedezeka iye amakhala ngati mtolo wa nkhuni pamutu pa munthu woterereka. Mpando womwe ndinkanyadira kuti watsala mbee ndiwo unali malo ake a mpunga.

Ine ndinkafuna tisinthe zonse tsiku limodzi. Madala anakana. Anati tikatero sitidzadziwa chomwe chinachiza. Tinayamba ndi zaulere: kupopa, kuchotsa bokosi, kumanga sipuling'i. Kupukusa kunachepa koma sikunathe. Matayala, 120/70 ndi 180/55 a rimu ya 17, pamodzi ndi mabering'i ndinaitanitsa ku Joni pa basi, poti ku Lilongwe masiku amenewo kunali zionetsero zotsatira chisankho cha mu Meyi, umatha kupita n'kupeza mashopu ali otseka. Zinatenga masabata atatu, ine ndikuyenda pa kabaza, anyamata aja akundifunsa ngati ndege yatha mafuta.

Tayala latsopano analiyeza polipachika pa ekiselo pakati pa mipando iwiri. Mbali yolemera imatsikira pansi yokha, iwo n'kumata kamtovu mbali inayo, mpaka tayala limaima paliponse pomwe walisiya. Mabering'i tinaika a timigolo m'malo mwa a timipira. Mbale zake tinakazigoneka mufiriji ya mayi woyandikana nawo, pakati pa mafilizesi ogulitsa, kuti chitsulo chifinyike pang'ono chilowe mosavuta. Pomanga nati sanagwiritse hamala. Ankamanga pang'ono, kukoka mafoloko kutsogolo ndi kumbuyo kumvetsera ngati pali kugogoda, kenako kukankha mahandulo ndi chala kuti aone ngati akugwera okha kumbali. Anabwereza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, osalankhula.

Pa msewu wa ku Senga Bay, pa 70 pomwe paja, ndinabweza moto n'kufewetsa manja. Njinga inangoti tolotolo ngati ili pa njanji. Nditawauza kuti mawa ndikayesa 140 pa Benga, madala anandilanda makiyi n'kuwaika m'thumba la ovolosi mpaka nditalonjeza kuti sinditero. Anati pamsewu woyenda ng'ombe ndi ana, iwo sanakonzere njinga zimenezo.

Mwezi wotsatira ndinabwereranso kwa mayi. Ndinawakhazika pamkeka n'kuwafotokozera zonse, za mpweya, za zaka za tayala, za kadzenje ka pakhosi. Anamvetsera mpaka kumapeto, akusankha mpunga m'lichero.

"Ndiye ukuti anali matayala?"

"Eya, amayi. Anali ophwa."

"Chabwino. Nanga anawaphwetsa ndani?"

Mpunga wa ulendo umenewo anaukweza okha pa minibasi, n'kumulipira kondakitala kuti akautsitse pa Kamuzu Road.