Kumanga chipinda cha vinyo ku Johannesburg: mawu a pa pulani ndi tanthauzo lake pa ntchito

Amisiri athu ambiri amene akumanga ku Bryanston, Sandton ndi Fourways, madera a mu Johannesburg, akaona mawu oti wine cellar pa pulani amayesa ndi stoo wamba yoikamo mashelefu. Si choncho ayi. Vinyo amafuna kuzizira kosasinthasintha, madigiri 12 mpaka 14, chinyezi cha mumpweya cha 60 mpaka 70 peresenti, mdima komanso bata. Nyengo ya kuno sigwirizana nazo zimenezi. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa levulo ya nyanja, mu June usiku kumagwa chisanu ndipo mpweya umauma gwa, pomwe kuyambira October mpaka March kumatentha, mvula ya mabingu ili pakhomo.

Yambani ndi malo. Kuno dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye mbali ya kum'mwera kwa nyumba ndiyo yozizira. Khoma la kumadzulo lipeweni, limapsa madzulo onse. Pansi pa masitepe ndi pabwino ngati palibe giza kapena khitchini pafupi. Mwini nyumba akafuna chokumba pansi, pafunika injiniya ndi pulani yovomerezedwa ndi khonsolo, makamaka madera a mwala wa dolomite monga Centurion ndi West Rand, kumene madzi amasungunula mwalawo nthaka n'kutitimira.

DPM ndi pulasitiki ya ma micron 250 yoyala pansi pa silabu, yopitirirana masentimita 20 polumikiza, n'kumata ndi tepi. DPC ndi ina, ya ma micron 375, yolowa pakati pa mizere ya njerwa kuti chinyontho chisakwere khoma. Ambiri amazisokoneza ziwirizi. Silabu ikhale mamilimita 100, konkire ya 25 MPa, ndi mesh (waya wachitsulo wolukanalukana) ya Ref 193, ndipo izithiriridwa madzi masiku 7. Screed ndi dothi la simenti losalazira pamwamba pake, gawo 1 la simenti ku magawo 4 a mchenga.

Khoma lokhudza nthaka limafuna tanking, kutanthauza kulikutira kunja kuti madzi asalowe. Kawirikawiri amagwiritsa torch-on, chinsalu cha phula cha mamilimita 4, chomatidwa ndi moto wa gasi. Pansi pake pagone French drain: paipi yobowolabowola ya mamilimita 110, yokwiriridwa ndi miyala ya mamilimita 19, zonse zokulungidwa mu bidim, nsalu yosefa madzi, kuti dothi lisatseke mabowo. Paipiyo ikhale m'munsi mwa levulo ya silabu ndipo itsetsereke kopita madzi. Pokwirira, tetezani torch-on ndi bolodi, chifukwa chidutswa chimodzi cha njerwa chimang'amba, ndipo kudonthako kudzaoneka mvula ikadzagwa, kapinga atamera kale pamwamba.

Tsono pamene pamagona nkhani ndi pa vapour barrier. Iyi ndi pulasitiki yoletsa nthunzi, osati madzi oyenda. Taonani botolo lochokera mufiriji, likangoikidwa patebulo limachita thukuta. Khoma la chipindachi limateronso: mpweya wofunda wa m'nyumba umalowerera m'njerwa ndi m'pulasitala, ukakumana ndi pozizira n'kusanduka madzi. N'chifukwa chake pulasitikiyo imakhala mbali yofunda, ndiye kuti kunja kwa insulation, zotchinga kutentha kuti kusalowe. Kuchokera kunja kulowa mkati zisanjane chonchi: njerwa, pulasitiki, insulation, kenako bolodi yosamva chinyezi. Mukaitembenuza n'kuika pulasitiki mkati, madzi amatsekeredwa m'khoma, chuku chimamera posaoneka, fungo lake n'kudzaza chipinda, malebulo a mabotolo n'kuda. Kukonza kwake n'kuphwasula basi. Kudenga nakonso ichitike chimodzimodzi, ndipo pamene padutsa waya wa magetsi kapena paipi pamatidwe bwino. Kabowo ka msomali kamaoneka kochepa, koma nthunzi siisowa njira.

Insulation yabwino pano ndi ya mabolodi olimba a polystyrene monga Isoboard, mamilimita 50 m'makoma, kudenga yochindikala kuposa apo chifukwa kutentha kwambiri kumatsikira kumeneko. Ya ubweya ija imagwa mphwayi ikanyowa. Chitseko chikhale cholimba, chosabowoka mkati, chokhala ndi labala m'mbali zonse ndi pansi pomwe. Ngati bwana akufuna chagalasi, chikhale double glazing, magalasi awiri osiya mpata pakati. Galasi limodzi limangolira misozi.

Eyakoni wamba ya kuchipinda chogona siyenera. Zambiri sizitsika kupyola madigiri 16, ndipo zimaumitsa mpweya, kork yotsekera botolo n'kufota, mpweya n'kulowa m'botolo. Pafunika makina opangidwira vinyo, okhala ndi kapaipi kotulutsira madzi kunja. Magetsi a mkati akhale a LED.

Mashelefu nawo ali ndi miyeso. Botolo la mamililita 750 limagona chammbali kuti kork ikhale yonyowa, ndipo limafuna bowo la mamilimita 90 mpaka 100, kuya 330. Mabotolo a Cap Classique, vinyo wa thovu uja, ndi onenepa, asiyireni mizere yawoyawo. Botolo lodzaza limalemera pafupifupi makilogalamu 1.3, choncho 500 ndi makilogalamu 650. Katundu wotere atsamire pansi, ndipo zomangira zilowe m'timatabwa timene munaika kale m'khoma, osaboola pulasitiki ija. Matabwa a meranti kapena saligna amachita bwino, koma osawapaka vanishi wonunkha.

Musanalowetse botolo ngakhale limodzi, yatsani makina, tsekani chitseko sabata yathunthu muli choyezera kutentha ndi chinyezi, muzilemba m'mawa ndi madzulo. Tsiku lina zimitsani makinawo maola 4 ngati kuli load shedding. Kutentha kukakwera mofulumira, yang'anani kaye labala wa pansi pa chitseko, kenako kudenga.