Ululu wa mbali ya kumanja ya mimba: mmene ndakhala ndikufufuzira gwero lake

Dokotala aliyense amene ndakumana naye amayamba ndi funso limodzi: "Pakupweteka ndi pati kwenikweni?" Kuyankha kuti "kumanja" sikukwanira, chifukwa mbali imeneyi muli ziwalo zambiri. Pansi pa nthiti pali chiwindi ndi kathumba ka ndulu, chakumsana kuli impso, ndipo chakumunsi kuli appendix, kathumba kakang'ono kamene kali pomwe matumbo aang'ono amalumikizana ndi aakulu. Kwa amayi, kumunsi komweko kulinso kathumba ka mazira. Ululu wanga umakhala kumanja kwa mchombo, nthawi zina nkukwera mpaka pansi pa nthiti. Wakhala nane nthawi yaitali, ndipo mpaka lero dzina lake silinapezeke.

Tinayamba ndi kuyeza magazi, mkodzo ndi chimbudzi. M'magazi ankaona ngati muli zizindikiro za kutupa komanso mmene chiwindi chikugwirira ntchito. Mumkodzo ankafufuza magazi kapena tizilombo, poganizira miyala ya mu impso. Anayezanso H. pylori, kachilombo koyambitsa zilonda za m'mimba. Zonse zinatuluka bwino. Kenako ndinapita ku sikani ya ultrasound, ndipo anandiuza kuti ndisadye kwa maola pafupifupi 6, chifukwa munthu akadya kathumba ka ndulu kamafinyika nkusaoneka bwino. Miyala sinapezeke. Sikani ya CT nayonso sinaonetse kanthu.

Apa mpomwe mtima umalefuka. Kumva kuti "zonse zili bwino" pamene usiku ukulephera kugonera mbali ya kumanja ndi chinthu chowawa, ndipo abale ena amayamba kuganiza kuti mwina ndi maganizo chabe. Koma masikani awiriwa amaonetsa maonekedwe a ziwalo, osati mmene zikugwirira ntchito. Kathumba ka ndulu kakhoza kukhala kopanda miyala koma kosatulutsa ndulu bwino, ndipo zimenezi amayeza ndi sikani ina yotchedwa HIDA. Matenda a IBS, amene amasokoneza kagwiridwe ntchito ka matumbo, saoneka pa sikani, amawazindikira potengera zizindikiro. Endometriosis, nthenda ya amayi imene minofu yofanana ndi ya mkati mwa chiberekero imamera kunja kwake, kawirikawiri imabisala mpaka atalowetsa kakamera m'mimba kudzera pa kabala kakang'ono. Zotsatira zabwino zimachotsa mantha a matenda ena oopsa, ndipo ndimathokoza, koma sizitanthauza kuti ululu kulibe.

Chimene chandithandiza kwambiri ndi kabuku. Ndimalemba nthawi imene ululu wayamba, ngati ukubaya, ukuotcha kapena ukupota, ngati wabwera nditadya zamafuta, nditapita kuchimbudzi, nditawerama kapena nditanyamula cholemera. Ndimasunganso zotsatira zonse pamodzi ndi mayina a mankhwala amene ndamwapo. Nthawi yoonana ndi dokotala imakhala yochepa, ndipo ululu umakonda kuzilala tsiku lomwe wapita kuchipatala. Kabukuko kamandiyankhulira.

Nkabuku komweko kamene kanachititsa dokotala wina kuganiza zina. Atawerenga anati, "Ndikuona kuti ululu wanu ukutsatira kwambiri mmene mukusunthira kusiyana ndi zimene mwadya. Tagonani chagada." Anandipempha kuloza ndi chala chimodzi pamene pakupweteka kwambiri, anadina pamenepo, kenako anati ndidzutse mutu ndi mapewa kuti minofu ya pamimba ilimbe. Ululu unawonjezeka. Njira imeneyi anaifotokoza dokotala wa maopareshoni wa ku America, John Carnett, mu 1926. Ululu ukachokera mkati, minofu yolimbayo imatchinga ziwalo ndipo kudina sikupweteka kwambiri. Ukakhala chimodzimodzi kapena kuwonjezeka, gwero likhoza kukhala m'minofu ya pamimba momwemo, mwina mtsempha waung'ono womvera ululu (nerve) wopanikizika, vuto lotchedwa ACNES. Kuyeza kumeneku sikufuna makina alionse, nchifukwa chake ndimalimbikitsa aliyense wovutika ngati ine kuti afunse ngati kuli koyenera kwa iye.

Anandibaya jakisoni wa lidocaine, mankhwala ochititsa dzanzi, pamalopo. Kubaya kwa pafupi ndi mchombo kunaleka kwa maola angapo, koma kulemera kwa pansi pa nthiti sikunasinthe. Choncho mwina pali zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kufufuza kukupitirira.

Pa mankhwala ochepetsa ululu ndimasamala. Ibuprofen ndi diclofenac, ukamamwa nthawi yaitali, amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Paracetamol sayenera kupitirira magalamu 4 patsiku kwa munthu wamkulu, chifukwa wochuluka amaononga chiwindi.

Palinso zizindikiro zimene sindingadikire nazo tsiku lokaonana ndi dokotala, ndipo inunso musadikire: ululu wokula mwadzidzidzi, mimba youma gwa, kutentha thupi, kusanza kosalekeza, maso achikasu, magazi m'chimbudzi kapena chimbudzi chakuda bii, ndi kuonda popanda chifukwa. Mayi amene akukayikira kuti ali ndi pakati, ululu wa mbali imodzi ukayamba apite msanga, chifukwa mimba ikhoza kukhala kunja kwa chiberekero.

Panopa ndikudikira kuonana ndi katswiri wa matenda a m'mimba ndi matumbo. Ndikamufunsa ngati sikani ya HIDA ndi colonoscopy, yoona mkati mwa matumbo aakulu ndi kamera, zili zoyenera kwa ine, komanso ngati jakisoni uja tingamubwereze.