Lipoti la ulendo wa ku Tete wa ophunzira ntchito yokonza mapulani a mizinda

Ife achinyamata asanu ndi anayi amene tikuphunzira ntchito yokonza mapulani a mizinda ku Ulongue, m'boma la Angónia ku Mozambique, tinapita ku mzinda wa Tete kukakhala masiku anayi ndi anzathu amene akuphunzira ntchito yomweyi. Cholinga chinali kukaona mmene iwo amadulira malo omangapo nyumba, ndiponso mmene amafunsira maganizo a eni dera zikhomo zisanakhomedwe pansi. Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa chilandirireni khonsolo yakeyake mu 2008, tauni ya Ulongue yakhala ikukula mothamanga kuposa mapulani ake.

Tinanyamuka mbandakucha pa chapa (minibasi) titavala majuzi, koma titapitirira mphambano ya Mussacama n'kuyandikira Moatize, majuzi onse anali atalowa m'zikwama. Tsiku loyamba linathera mu ofesi, kuwerenga mapu ndi kukumbutsana za lamulo la malo la 1997, limene limanena kuti nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa, koma munthu amapatsidwa ufulu woigwiritsa ntchito, umene aliyense amangoutchula kuti DUAT. Lamulo lomweli limazindikira munthu amene wakhala pamalo mwa mwambo wa makolo, kapena mosabera aliyense kwa zaka 10, ngakhale alibe chikalata. Mfundo imeneyi wojambula mapulani amaiiwala msanga, popeza pa pepala malo opanda chikalata amaoneka ngati opanda mwini.

Tsiku lachiwiri tinawoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel kupita ku Chingodzi, kumene anzathuwo anajambula msewu watsopano wolowa m'kati mwa bairro, ndiye kuti dera la mumzinda. Apa tinalakwitsa, ndipo vutolo linali lathu alendofe: tinapempha kuti msonkhano ukhale 2 koloko masana, monga timachitira kwathu kozizira. Kunabwera abambo ochepa, zokambirana zinayenda m'Chipwitikizi, ndipo onse anavomereza pulaniyo mofulumira mokayikitsa. Mlembi wa bairro anatikokera pambali natiuza mwaulemu kuti dzuwa la nthawi imeneyo silitulutsa munthu m'nyumba, ndipo amayi, amene amadziwa kumene madzi amadutsa, sangatsutse chinthu m'chilankhulo cha mu ofesi.

Tinabwereranso m'mawa mwake dzuwa lisanakwere, tinayala mapu pamphasa pansi pa mlambe, ndipo mmodzi wa anzathu ankamasulira m'Chinyungwe, chimene ife Achewa timamvako mwa apo ndi apo. Agogo ena aakazi anayang'ana mapuwo kwa kanthawi, kenaka anafunsa kumene tachokera. Atamva kuti ndife a ku Angónia anaseka nati, "Ndiye madzi amene amatisamutsa kuno ndi anu, ana anga." Sananame, pakuti mtsinje wa Revubue umayambira kumapiri a kwathu n'kudzathira mu Zambezi pafupi ndi dera lawolo, ndipo mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe Ana, unasefukira mpaka kugwetsa mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize.

Anatitengera kuseri kwa nyumba yawo natisonyeza mzere wodera pakhoma, umene unandifika m'chiuno nditaima pafupi. Pansi pa mzerewo pulasitala anali atafufuma n'kusweka, pamwamba pake khoma linali losalala bwinobwino. Ndinawafunsa kuti, "Agogo, nanga bwanji simunaupake laimu?" Iwo anayankha kuti anausiya dala kuti aliyense wofuna kumanga pafupi aziyamba wauona. Kuchoka pamenepo amayi ena anayamba kutikokera ku makoma awo, ndipo tinayeza mizere yotereyi pa nyumba zingapo ndi tepi, n'kumalemba pa mapu ndi pensulo yofiira. Madontho ofiirawo atalumikizana, zinaoneka kuti chigawo chapakati cha msewu wojambulidwa uja chagona m'khwawa lenileni la madzi, ndiponso kuti kumapeto kwake ukanagwetsa mlambe umene tinakhala pansi pakewo, pamene amayi amagulitsirapo masau ndi makala.

Sindikunena kuti anzathu a ku Tete anajambula mosasamala. Chithunzi cha m'mlengalenga chimene anagwiritsa ntchito chinajambulidwa m'chilimwe, ndipo khwawa louma pa chithunzi chotero limaoneka ngati njira yabwino yopanda nyumba. Ifenso tikanagwera m'mbuna yomweyo.

Madzulo a tsiku lomaliza tinatsutsana kwa nthawi yaitali. Ena ankati msewu ukhotetsedwe kuti utsate mtunda, ngakhale kutero kukhudza mipanda ya mabanja angapo amene adzafunika kukambirana nawo za chipukuta misozi. Ena ankati ukhale pomwepo koma pamangidwe ngalande yaikulu, imene ndalama zake palibe anatha kunena kumene zichokere. Ine ndinali mbali ya okhotetsa. Tinasiyana tisanagwirizane, ndipo mapu a madontho ofiira anatsala m'manja mwa anzathuwo kuti akawapereke kwa akuluakulu awo. Gulu lathu lapempha kuti mvula isanayambe tiloledwe kuyenda ndi tepi m'madera a kumunsi kwa Ulongue, kumene nyumba zayamba kulowa m'madambo, ndipo tikudikira yankho.